Kodi Mumadziwa? Mmene Mungadziwire Chaka cha Chithunzi cha Agogo ndi Azungu a Dachi

M'nyumba zambiri za kwa Sandwe, ku Petauke ndi ku Nyimba, kum'mawa kwa Zambia, muli chithunzi chakale chosungidwa m'sutikesi kapena pakati pa masamba a Baibulo. Pa china pali agogo aamuna atamanga tayi. Pa china pali ana a sukulu atandanda kutsogolo kwa tchalitchi, mzungu wa Dachi atakhala pampando pakati pawo. Mukafunsa kuti chinajambulidwa liti, amakuyankhani kuti, "Kalekale, nthawi ya atsamunda." Komatu atsamunda analamulira dziko lino zaka zoposa 60, ndipo m'zaka zimenezo munabadwa agogo, makolo ndi ana. Mukadziwa kuti chithunzi ndi cha m'ma 1930, mwadziwanso buku la ubatizo loti mutsegule ndi nkhalamba yoti mukaifunse. Nazi mfundo zokuthandizani kupeza chakacho.

Azungu a Dachi ndi mamishoni awo

Kodi mumadziwa kuti amishoni amene anabweretsa mpingo wa Dachi kuno kum'mawa sanachokere ku Netherlands? Anatumidwa ndi Dutch Reformed Church ya ku Orange Free State, ku South Africa. Amene anachoka ku Netherlands ndi makolo awo, kuyambira mu 1652 pamene Jan van Riebeeck anakocheza ku Cape, ndipo kumeneko anakwatirana ndi ochokera ku Germany ndi ku France. N'chifukwa chake pa zithunzi za mabanja awo mumapeza kawirikawiri mayina a matauni ngati Bloemfontein, Stellenbosch ndi Cape Town.

Kodi mumadziwa kuti chithunzi cha mishoni ya Dachi m'chigawo chino sichingakhale chakale kuposa 1899? Abusa P.J. Smit ndi J.M. Hofmeyr anayamba ntchito pa Magwero, kufupi ndi Chipata, pa 5 Julayi 1899, chaka chotsatira nkhondo ya Angoni a Mpezeni ndi azungu. Anzawo ochokera ku Cape anali atayamba kale ku Malawi, pa Mvera, mu 1889.

Kodi mumadziwa kuti mishoni iliyonse ili ndi chaka chake chobadwa? Madzimoyo ndi ya 1903, Nyanje ya 1905, Nsadzu ya 1908, ndipo Hofmeyr, m'boma la Nyimba, ndi ya 1914. Merwe, m'dera la Petauke, inatsegulidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920. Ngati banja likuti agogo anajambulidwa pa Hofmeyr, zaka zonse za m'mbuyo mwa 1914 mwazichotsa kale pa kafukufuku wanu.

Kodi mumadziwa kuti kolala ya ubusa nayo imanena chaka? Mbusa woyamba wa kuno mu mpingo wa Dachi, Justo Mwale, anadzozedwa mu 1929. Zisanafike pamenepo, makolo athu ankatumikira ngati alaliki, aphunzitsi ndi akulu a mpingo. Mukaona mwana wa dziko lino atavala kolala yoyera ya ubusa pakati pa amishoni a Dachi, yambani kuwerenga kuchokera mu 1929 kubwera kuno.

Kodi mumadziwa kuti dzina la mpingo linasintha? Mu 1966 amishoni anapereka mpingo ndi katundu wake m'manja mwa eni dziko, chinthu chimene akhristu amachikumbukira ndi dzina lakuti Umwini. Mu 1968 mpingowo unayamba kutchedwa Reformed Church in Zambia. Chikwangwani kapena chidindo chokhala ndi zilembo za RCZ chimatanthauza kuti chithunzicho ndi cha 1968 kapena pambuyo pake.

Kodi mumadziwa kuti analiponso ena ochokera ku Netherlands kwenikweniko? Pakati pa ansembe achikatolika a White Fathers, amene anatsegula mishoni ya Minga m'zaka za m'ma 1920, panali ochokera ku France, Canada, Germany ndi Netherlands. Iwo ankavala mkanjo woyera ndi korona yaikulu m'khosi, ndipo ambiri ankasunga ndevu. Utatha msonkhano waukulu wa mpingo wawo ku Vatican, wa 1962 mpaka 1965, mkanjo wa tsiku ndi tsiku unayamba kusowa, ansembe n'kumaoneka atavala shati ndi thalauza.

Malamulo awiri oyambira

Kodi mumadziwa kuti chaka cha chithunzi chimadziwika ndi chinthu chatsopano kwambiri chimene chikuonekapo, osati chakale kwambiri? Jekete la m'ma 1930 munthu angalivale zaka makumi awiri, mwinanso kulisiyira mphwake. Koma palibe amene angajambulidwe atanyamula wailesi imene sinapangidwe. Choncho yang'anani paliponse, m'makona ndi kumbuyo kwa anthu, mpaka mutapeza chinthu chimene chinabwera mochedwa kuposa zonse. Chithunzicho sichingakhale chakale kuposa chinthu chimenecho.

Kodi mumadziwa kuti chithunzi chimodzi chingakhale ndi zaka ziwiri? Pali chaka chimene munthu anaima pamaso pa kamera, palinso chaka chimene pepala lili m'manja mwanulo linatsukidwa. Mabanja ambiri ankapita ndi chithunzi cha malemu ku situdiyo kuti akachijambulenso, aliyense wa ana akhale ndi chake. Pepala likanena 1975 pamene zovala zikunena 1925, palibe chimene chikunama: muli ndi kope la chithunzi chakale.

Pepala, katoni ndi chitsulo

Kodi mumadziwa kuti luso lojambula ndi kamera linalengezedwa ku France mu 1839, ndipo silinachedwe kufika ku Zambezi? John Kirk, dokotala amene anayenda ndi David Livingstone kuyambira mu 1858 mpaka 1863, anajambula nyumba, mitengo ndi magombe a mtsinjewo. Makamera a nthawi imeneyo ankafuna kuti chojambulidwa chikhale chosagwedezeka kwa nthawi ndithu, n'chifukwa chake anthu amasowa pa zithunzi zambiri zoyambirira.

Kodi mumadziwa kuti maginito angakuuzeni mtundu wa chithunzi? Pali zithunzi zotchedwa tintype, zimene zinayamba m'zaka za m'ma 1850, zojambulidwa pa kachitsulo kopyapyala kopakidwa zakuda. Maginito amamatirira kumbuyo kwake. Zambiri mwa izo zimaonetsa munthu motembenuka, dzanja lamanja kukhala kumanzere, moti ngati pali zilembo zimawerengeka chobwerera. Ojambula oyendayenda anapitiriza kuzipanga mpaka m'ma 1930, choncho chitsulo pachokha si umboni wakuti chithunzi ndi cha m'ma 1800.

Kodi mumadziwa kuti rula ya mwana wa sukulu ndi chida cha kafukufukuyu? Amishoni ankabwera ndi zithunzi za makolo awo zomatidwa pa katoni. Kakatoni ka masentimita pafupifupi 6 m'lifupi ndi 10 m'litali kamatchedwa carte de visite, ndipo kanatchuka kwambiri m'ma 1860. Katoni wa masentimita pafupifupi 11 m'lifupi ndi 16 m'litali ndi cabinet card, amene anafala kuyambira m'ma 1870 mpaka kumapeto kwa m'ma 1890. Makatoni oyambirira anali opyapyala, a makona akuthwa. A pambuyo pake anali okhuthala, a makona obulungira, ena a m'mphepete mwagolide.

Kodi mumadziwa kuti dzina la wojambula lingachepetse zaka zanu kufika pa zisanu kapena khumi? Pa makatoni amenewa, mwini situdiyo ankasindikiza dzina lake, tauni, nthawi zina ndi msewu womwe. Popeza situdiyo zinkatsegulidwa, kusamuka ndi kutsekedwa, amene amasunga mbiri ya ojambula ku South Africa ndi ku Netherlands amatha kunena zaka zimene wojambulayo anali pa adiresi imeneyo.

Kodi mumadziwa kuti zithunzi zambiri za m'ma 1800 zinapangidwa ndi mazira? Pepala linkapakidwa choyera cha dzira chosakaniza ndi mchere, kenako mankhwala a siliva. Njirayi inalamulira kuyambira m'ma 1850 mpaka m'ma 1890. Pepala lake ndi lopyapyala kwambiri, n'chifukwa chake ankalimata pa katoni, ndipo likakalamba limasanduka lachikasu, pamwamba pake n'kuchita timing'alu tosaoneka bwino ndi maso okha.

Kodi mumadziwa kuti kamera yotchipa inatulukira m'nyengo imodzimodzi ndi mishoni za kuno? Kampani ya Kodak inatulutsa kamera yaing'ono ya bokosi, Brownie, mu 1900, pa mtengo wa dola imodzi. Kuyambira pamenepo munthu wamba anatha kujambula yekha popanda situdiyo. Zithunzi zojambulidwa panja, anthu ali pa ntchito youmba njerwa, kusenza udzu kapena kuimba pansi pa mtengo, zambiri ndi za pambuyo pa chaka chimenechi.

Kodi mumadziwa kuti zithunzi zina zinkatsukidwa pa positikhadi? Mukatembenuza mumapeza kabokosi komatapo sitampu ndi mizere ya adiresi. Mzere wogawa kumbuyoko pakati, uthenga mbali imodzi, adiresi mbali ina, unaloledwa ku Britain mu 1902, maiko ena n'kutsatira. Zithunzi zotere zinachuluka kuyambira cha m'ma 1905 mpaka m'ma 1930.

Kodi mumadziwa kuti m'mphepete mwa chithunzi mulinso umboni? Tizithunzi takuda ndi toyera ta m'mphepete mwa manomano tinafala kuyambira m'ma 1930 mpaka m'ma 1950. Zithunzi zofanana m'litali ndi m'lifupi, zambiri zinachokera mu kamera ya Instamatic imene inatuluka mu 1963. Za Polaroid zokhala ndi mpata waukulu woyera m'munsi zinayamba mu 1972.

Kodi mumadziwa kuti getsi loonera ndalama zachinyengo lingayese pepala la chithunzi? Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, opanga mapepala anayamba kuikamo mankhwala oyeretsa amene amawala mwabuluu pansi pa getsi lotere. Pepala likawala, si la m'ma 1920. Ndipo kumbuyo kwa chithunzi kukakhala koterera ngati pulasitiki, pensulo n'kumakana kulemba, pepalalo ndi la kumapeto kwa m'ma 1960 kapena pambuyo pake.

Kodi mumadziwa kuti deti lofiirira la pakona si lodalirika nthawi zonse? Makamera ambiri a m'ma 1980 ndi 1990 ankasindikiza tsiku, mwezi ndi chaka pa chithunzi. Koma batire ikatha, wotchi ya kamera inkabwerera pa chiyambi, ndipo si ojambula onse amene ankaikonza. Yerekezani detilo ndi msinkhu wa ana amene ali pa chithunzipo.

Tembenuzani muone kumbuyo

Kodi mumadziwa kuti chilankhulo cholembedwa kumbuyo chingasiyanitse mibadwo ya amishoni? Oyambirira ankalemba Chidachi chenicheni cha ku Netherlands. Chiafrikaans chinavomerezedwa ndi boma la South Africa mu 1925, ndipo Baibulo lake linatuluka mu 1933. Mukaona mawu ngati zendeling, zuster ndi mijn, ndi kalembedwe ka Chidachi. Mukaona sendeling, suster ndi my, ndi Chiafrikaans, ndipo mwina muli m'zaka za m'ma 1920 kapena kutsogolo kwake. Okalamba ena anapitiriza kulemba mwakale, choncho umboni wamphamvu ndi wa kalembedwe katsopano.

Kodi mumadziwa kuti bolopeni ndi yatsopano kuposa agogo ambiri? Inayamba kugulitsidwa kwa anthu onse itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse mu 1945. Zolembedwa ndi bolopeni kumbuyo kwa chithunzi cha m'ma 1920 zinalembedwa ndi wina patapita zaka zambiri, mwina mwana kapena mdzukulu amene ankangokumbukira zomwe anamva. Zolembedwa ndi inki yoviika kapena pensulo zili ndi mwayi waukulu wokhala za nthawi yomweyo.

Kodi mumadziwa kuti mayina a malo amasintha ndi maboma? North-Eastern Rhodesia, imene likulu lake linali Fort Jameson, inaphatikizidwa ndi chigawo cha kumadzulo mu 1911 kupanga Northern Rhodesia. Dzina lakuti Zambia linayamba pa 24 Okutobala 1964. Pambuyo pa ufulu Fort Jameson inakhala Chipata, Feira inakhala Luangwa, Broken Hill inakhala Kabwe. Kwa amene achibale awo anali ku Halale, chidindo cha situdiyo cholembedwa Salisbury ndi cha m'mbuyo mwa 1982.

Kodi mumadziwa kuti sitampu ya pa envulopu imene munabwera chithunzi ndi yofunika kuisunga? Isanafike 1925 kuno kunkayenda masitampu a British South Africa Company. A Northern Rhodesia oyamba anatuluka mu 1925, okhala ndi mutu wa Mfumu George V, amene anamwalira mu 1936. George VI analamulira mpaka 1952, kenako Elizabeth II. Olembedwa Rhodesia & Nyasaland ndi a nthawi ya Chitaganya, kuyambira 1954 mpaka 1963.

Kodi mumadziwa kuti mtengo wolembedwa ndi wojambula umanena nthawi? Kwacha ndi ngwee zinayamba mu Januwale 1968. M'mbuyomo kunali mapaundi, masheleni, sikisi ndi tiki. Mukaona kumbuyo kwalembedwa 2/6, ndiye kuti masheleni awiri ndi sikisi, ndipo chithunzicho chinagulidwa kwacha isanabwere.

Kodi mumadziwa kuti dzina lokha lingakusocheretseni? Mabanja a Chidachi ndi Chiafrikaans ankakonda kupatsa mwana woyamba wamwamuna dzina la agogo ake a kuchimuna, moti dzina limodzi limabwerezedwa mibadwo itatu kapena inayi. Ifenso timatcha ana mayina a makolo. Dzina likapezeka kumbuyo kwa chithunzi, funsani kuti ndi uti mwa anthu a dzinalo.

Zovala zimene anavala

Kodi mumadziwa kuti mikono ya diresi inali ndi nyengo zake? Diresi lofutukuka ponseponse kuyambira m'chiuno ndi la m'ma 1850 ndi 1860. Lotukuka kumbuyo kokha ndi la m'ma 1870 ndi 1880. La mikono yotupa kwambiri pamapewa, yothina kumunsi, ndi la pakati pa zaka za m'ma 1890. Tsitsi lalifupi ndi diresi la lamba wotsikira m'munsi mwa chiuno ndi za m'ma 1920. Yang'anani mtsikana, osati mayi wachikulire, pakuti achinyamata ndiwo amathamangira fasho.

Kodi mumadziwa kuti chaka cha 1938 chimapusitsa ofufuza ambiri? M'chaka chimenecho Mabunu a ku South Africa ankakumbukira zaka 100 za ulendo wa makolo awo wochoka ku Cape pa ngolo za ng'ombe. Amuna anasunga ndevu, akazi anasoka madiresi aatali ndi zisoti zansalu zophimba nkhope zotchedwa kappie, zonse zofanana ndi za m'ma 1830. Chithunzi cha anthu ovala motero, koma chili pa pepala la manomano m'mphepete, mwina ndi cha chikondwerero chimenecho.

Kodi mumadziwa kuti mwana wovala diresi pa chithunzi chakale angakhale mnyamata? M'zaka za m'ma 1800 ana aang'ono achizungu, aamuna ndi aakazi omwe, ankavala madiresi. Kawirikawiri mnyamata ankamupesa mzere wa tsitsi pambali, mtsikana pakati. Ndiponso akwatibwi ambiri a nthawi imeneyo ankakwatiwa atavala diresi lakuda kapena lamtundu wina, limene ankadzalivalanso ku tchalitchi. Diresi lakuda silitanthauza maliro nthawi zonse.

Kodi mumadziwa kuti mendulo ya msilikali ili ndi nsonga zoti muwerenge? Northern Rhodesia Regiment inakhazikitsidwa mu 1933, ndipo asilikali ake anamenya nkhondo ku Somaliland, Ethiopia, Madagascar ndi Burma. Nyenyezi zoperekedwa chifukwa cha nkhondo yachiwiriyo, monga Africa Star ndi Burma Star, zili ndi nsonga zisanu ndi imodzi. Agogo akaoneka atapachika nyenyezi yotere pachifuwa, chithunzicho ndi cha itatha nkhondo ya 1939 mpaka 1945.

Kodi mumadziwa kuti chitenje ndi mboni yabwino kwambiri ya zaka za ufulu? Chokhala ndi nkhope ya Kenneth Kaunda ndi zilembo za UNIP chimaloza ku zaka za ndale za m'ma 1960 mpaka 1991. Cha Papa John Paul II chimakumbutsa ulendo wake wa ku Zambia ndi Malawi mu Meyi 1989. Cha MMD chokhala ndi wotchi sichingakhale chakale kuposa 1990. Nawo mathalauza otambasuka m'munsi, nsapato zazitali zidendene ndi tsitsi la afro ndi za m'ma 1970.

Kodi mumadziwa kuti zithunzi zina za ukwati zimaonetsa ukwati umene sunajambulidwe? Ku Johannesburg, kumene makolo athu ankati ku Joni, kunali amisiri amene ankatenga kachithunzi ka pa chiphaso ka mwamuna ndi kena ka mkazi, n'kuzikulitsa, n'kuwajambulira suti, velo ndi maluwa ndi utoto. Zambiri zinkaikidwa m'felemu yobulungira ya galasi lotukuka. Nkhope ndi zenizeni, koma zovala n'zopeka, ndipo nkhope ziwirizo zingakhale za zaka zosiyana.

Kodi mumadziwa kuti kachithunzi ka pa reji kamanena msinkhu wa mwiniwake? Kulembetsa nzika ndi kupereka ziphaso za NRC kunayamba pakati pa zaka za m'ma 1960, ndipo munthu amatenga chiphasocho atakwanitsa zaka 16. Pa chiphasopo pamalembedwa tsiku lolembetsa. Nkhope ya pamenepo, yokhala ndi deti lodziwika, mungaiyerekeze ndi nkhope ya munthu yemweyo pa zithunzi zina kuti muone kuti ndi chiti chinayamba.

Zimene zili kumbuyo kwa anthu

Kodi mumadziwa kuti kayendedwe kali ndi mibadwo yake? Amishoni oyamba ankanyamulidwa pa machila, kenako kunabwera njinga zakapalasa, njinga zamoto ndi magalimoto. Ford Model T inapangidwa kuyambira 1908 mpaka 1927. Land Rover yoyamba ndi ya 1948. Peugeot 404 inatuluka mu 1960. Galimoto imakhala zaka zambiri pamsewu, choncho imangokuuzani poyambira kuwerenga.

Kodi mumadziwa kuti pamene Great East Road imaoloka Luangwa pamangidwa milatho iwiri? Woyamba, wopapatiza, unamangidwa mu 1932 ndi ndalama za Beit Trust. Wachiwiri, wa nsanja ziwiri zazitali ndi zingwe zachitsulo, unatsegulidwa mu 1968. Apaulendo a pa Great East Road akhala akujambulitsa pamenepo kwa zaka zambiri, ndipo mlatho umene uli kumbuyo kwawo umagawa zithunzizo pawiri.

Kodi mumadziwa kuti wailesi ya anthu wamba inafika mu 1949? Inkatchedwa Saucepan Special chifukwa inali yobulungira ngati sefuliya, yopakidwa buluu, yoyendera batire. Inapangidwa ndi kampani ya Ever Ready kuti anthu azimvera Central African Broadcasting Station ya ku Lusaka, ndipo inkagulitsidwa mapaundi 5. Aphunzitsi, makalaliki ndi obwerera ku migodi ankanyadira kujambulitsa ili pa tebulo pambali pawo.

Kodi mumadziwa kuti mwana wamng'ono kwambiri pa chithunzi ndiye amapereka chaka cholondola kuposa zonse? Munthu wa zaka 40 ndi wa zaka 48 angafanane, koma khanda la m'manja silifanana ndi mwana woyenda, ndipo amene wagweluka mano akutsogolo ali ndi zaka pafupifupi 6 kapena 7. Mukadziwa dzina la mwanayo, kayang'aneni chaka chake chobadwa m'buku la ubatizo kapena pa chiphaso. Werenganinso amene akusowa: ngati banja linali ndi ana asanu koma pa chithunzi pali atatu, mwina awiriwo anali asanabadwe.

Kofunsa ndi kasungidwe

Kodi mumadziwa kuti mabwanamkubwa a maboma ankalemba mabuku amene alipo mpaka lero? Ku National Archives of Zambia, ku Lusaka, kumasungidwa District Notebooks, mmene muli mayina a mafumu, a ogwira ntchito pa boma ndi a mamishoni pamodzi ndi zaka zake. Livingstone Museum, imene inayamba mu 1934, nayo imasunga zithunzi zakale. Mpingo wa Dachi uli ndi nkhokwe ya makalata ndi zithunzi ku Stellenbosch. Kwa amene ali ndi kholo lochokera ku Netherlands, kumeneko boma lakhala likulemba kubadwa, maukwati ndi imfa kuyambira mu 1811, ndipo zambiri zili pa intaneti pa WieWasWie.

Kodi mumadziwa kuti kumata chithunzi m'pulasitiki ndi makina otentha kumachiwononga? Kutentha ndi guluu zimalowerera m'pepala, ndipo simungachichotsenso popanda kuching'amba. Selotepi imasiya banga lachikasu. Dzuwa limafufutitsa, chinyezi cha dzinja chimamatiza zithunzi pamodzi, chiswe ndi mphemvu zimadya. Chiikeni mu envulopu yoyera, m'chitini chotseka bwino, kutali ndi khoma lonyowa. Chijambuleni pa foni mbali zonse ziwiri, pamthunzi, n'kutumizira abale. Polemba kumbuyo gwiritsani ntchito pensulo yofewa, osadinikiza.

Kodi mumadziwa kuti kwa Ansenga mbiri ya banja imasungidwa kwambiri kuchikazi? Popeza mbumba imatsata mayi, ambuya ndi amalume ndiwo amadziwa kuti uje anabadwa kwa yani, anakwatira mudzi uti, anapita liti ku Halale kapena ku migodi ya mkuwa. Safunsa anadya phula. Powaonetsa chithunzi musayambe ndinu kutchula dzina, chifukwa mwaulemu angangovomera. Funsani kuti, "Ambuya, awa ndani?" kenako dikirani. Funsani akulu awiri kapena atatu, aliyense payekha, ndipo lembani zonse zimene anena, ngakhale zitasiyana, pamodzi ndi dzina la wonenayo ndi tsiku limene wanena.

Kodi mumadziwa kuti pa zithunzi zambiri za mamishoni mayina olembedwa ndi a azungu okha? M'munsi mumapezeka dzina la mbusa ndi la mkazi wake, koma alaliki, aphunzitsi, azamba, ophika ndi onyamula machila amene aima nawo amangotchulidwa monga gulu. Anthu amenewo ndiwo anaumba njerwa za matchalitchi a Nyanje, Hofmeyr ndi Merwe, ndiwo anayenda pansi kukatsegula sukulu za m'midzi, ndipo zidzukulu zawo ndi ife. Pepala, sitampu ndi chovala zingakupatseni chaka, koma dzina lili m'mutu mwa munthu wa zaka 80 kapena 90 amene lero akadali moyo. Banja likakumana pa ukwati, pa chiliza kapena pa mwambo wa Tuwimba kwa Kalindawalo, pitani ndi chithunzicho, pensulo ndi kope. Amene anajambula sanalembe mayina a makolo athu, ndiye ntchito yowalemba yatsalira ife.